Chithunzi cha Amayi Chikukana Kutseguka

Lolemba

M'mawa. Sukulu tatsekera. Mphepo ya Ogasiti yayamba kale kuthira fumbi m'makapu. Sabata ino ndili ndi ntchito imodzi yokha, yaing'ononso: kutsukitsa chithunzi cha amayi.

Ndilembe mmene zinthu zilili. Loweruka kuli mwambo wa chiliza cha amayi. Tsiku lomwelo atsibweni awasudzula abambo. Lamulungu m'mawa mphwawo abwera ndi galimoto kudzawatenga, abwerere kwawo kumapiri a Ntchisi, atakhala pachikamwini m'mudzi muno zaka makumi asanu ndi ziwiri. Tayesa kuwanyengerera kuti akhale. Akuti: "Kuno ndinatsata munthu mmodzi. Munthuyo mukumuikira mwala Loweruka."

Mbuzi sakuzifuna. Njinga sakuifuna. Wailesi akuti itsale. Apempha chinthu chimodzi: "Chithunzi cha amayi ako. Chija anavala zachigwirizano, ali pampando patsinde pa mango."

Tsikulo ndikulikumbukira bwino. Inali Khirisimasi yomaliza amayi ali moyo. Iwo amene moyo wawo wonse ankathawa kamera ngati nkhuku yaona mphamba, tsiku limenelo anavomera okha. Anasita bulauzi yoyera ndi simbi ya makala, anamanga duku kawiri, nakhala pampando, manja pamaondo, osaphethira. Anawajambula ndi Esinati, mlongo wanga wa ku Joni, pa foni yake yodula. Foniyo inabedwa chaka chatha, koma zithunzi zonse anali atazikopera pa fulashi, ndipo anandisiyira nthawi ya maliro. Chiyambire sindinaitsegule. Mtima sunkalola.

Dongosolo:

1. Kubwereka laputopu ya sukulu kwa ahedi.
2. Kusankha chithunzi.
3. Kupita nacho kwa a Nachisale, otsuka zithunzi pa Mvera.
4. Felemu.
5. Lachitatu kupuma.

Ndawauza abambo kuti Lachiwiri madzulo chikhala m'manja mwawo. Ndanena mokweza, pamaso pa anthu.

Masana. Laputopu ndabwereka. Fulashi yalowa bwinobwino. Muli zithunzi 163.

Palibe chimene chikuoneka! Timapepala toyera tokhatokha, tandandalika m'mizere ngati ana a Sitandade 1 pa asembule. Chilichonse chili ndi nambala, kenako kadontho, kenako zilembo zinayi: HEIC. Ndikadina, laputopu ikuganiza pang'ono, nkundiyankha m'Chingerezi chaulemu kuti mtundu uwu siyikuudziwa.

Ndadina china. Chimodzimodzi. Ndazimitsa, ndayatsa. Ndatulutsa fulashi, ndaiuzira mpweya. Chimodzimodzi.

Esinati sakupezeka pa foni. Wakwera basi lero, afika Loweruka m'mawa ngati pamalire sipachitika zachilendo.

Madzulo. Abambo ali pakhonde, akusenda nzimbe ndi kampeni kawo.

"Chatuluka?"

"Mawa."

Lachiwiri

Pa Mvera, kwa a Nachisale. Kashopu kawo kamanunkha inki ndi mandasi kuyambira kale. Alowetsa fulashi mu kompyuta yawo, aika magalasi pamphuno, ayang'ana, achotsa magalasi.

"Aphunzitsi, makina angawa amadya JPG basi. Izi ndi zakudya za ku Joni."

Afotokoza modekha. Mafoni atsopano odulawa akuti amasunga zithunzi mwa mtundu wawowawo, kuti zizitenga malo ochepa. Chithunzi chilimo, chabwinobwino, koma makina akale satha kuchiwerenga. Chiyenera kutembenuzidwa kaye chikhale JPG, mtundu umene makina aliwonse amaudziwa. Iwo njira yake saidziwa. Amene amabwera ndi zotere amawabweza.

"Ndipo mudziwiretu. Lachisanu dzuwa likapendeka ndimatseka. Loweruka ndi Sabata langa, ngakhale mubwere ndi chithunzi cha mngelo."

Ndiye malire ndi Lachisanu masana. Masiku alipo ambiri.

Pobwerera panjinga ndikukumbukira wojambula wa paubwana wathu. Ankabwera panjinga kamodzi pamwezi, kamera pakhosi, nsalu ya maluwa atakulunga pakaliyala. Tinkadzola mafuta mpaka m'zigongono. Patapita masabata awiri ankabweranso ndi envulopu. Chithunzi chinkatseguka ndi zala ziwiri. Mdani wake anali chiswe basi, ndipo chiswe umachiona ndi maso, umatha kuchithira phulusa.

Masana. Nzeru yandibwerera! Ngati vuto ndi zilembo zinayi zakumapetozo, bwanji osangozifufuta nkulembapo JPG? Ine ntchito yanga ndi yokonza zolemba za ana.

Ndayesa chimodzi. Laputopu yandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndikutsimikiza. Kapepala koyera kaja kasintha, kasanduka kachizindikiro ka chithunzi, kokhala ndi kaphiri ndi kadzuwa! Ndafuula mpaka nkhuku zathawa pakhomo.

Chifukwa cha chimwemwe sindinachitsegule. Ndangoyamba kusintha zonse, chimodzichimodzi. Zonse 163. Ola limodzi ndi theka, chala chachita dzanzi.

Ndatsegula choyamba. Laputopu ikuti chithunzichi mwina ndi chowonongeka.

Chowonongeka!

  Fulashi iyi ndi yokhayo padziko lonse, ndipo ndasintha pa fulashi penipenipo, osakopera kaye kwina. Amake Tadala, akazi anga, aima pakhomo ndi lichero, afunsa chachitika. Ndafotokoza. Amvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mbuzi mukailemba pamsana kuti ng'ombe, mawa mukaikoleka pangolo?"

Apita kukapeta.

Ola lina ndi theka, kubwezera HEIC pa zonse 163. Tsopano laputopu yabwerera pa mawu ake a dzulo, akuti mtundu uwu siyikuudziwa. Sindinaganizepo kuti mawu amenewa angandisangalatse chonchi. Ndakopera zonse mu laputopu. Fulashi ndaimanga m'kampango, ndaibwezera m'kabati.

Zimene ndaphunzira lero:

— Dzina silisintha zam'kati.
— Kopera kaye.
— Osafuula msanga.

"Chatuluka?"

"Mawa, bambo."

Lachitatu

Tsiku limene ndinalemba kuti ndipuma.

Ndaimbira mnzanga wophunzitsa ku Chisepo, amene zamakonozi amazitsata. Akuti pa intaneti pali masamba otembenuza zithunzi mwaulere. Ukweza HEIC, iwo akubwezera JPG. "Ndi zamphindi ziwiri, achimwene. Bola netiweki."

Bola netiweki.

Kwathu kuno netiweki yoimbira ilipo. Ya intaneti imakhala pamwamba pa phiri la kuseri kwa sukulu, pamwala wina wafulati pafupi ndi mtengo wa msuku. Aliyense amaudziwa. Ndagula bandulo, ndatchaja laputopu pa sola ya kusukulu, ndaiika m'chikwama cha mabuku, ndakwera.

Maondo akundikumbutsa zaka zanga. Phiri lomweli tinkalikwera mothamanga kukatola masuku, amayi akutikalipira m'munsi kuti tidzalumidwa ndi njoka.

Pamwala. Foni ndaikoleka pa nthambi kuti izipatsira laputopu intaneti. Tsamba latseguka. Zovuta zitatu:

1. Limalandira zithunzi zisanu zokha nthawi imodzi.
2. Batire ya laputopu, ikakhala pa intaneti, imakhala mphindi makumi anayi.
3. Sindikudziwa kuti cha amayi ndi chiti. Zonse ndi timapepala toyera. Masiku olembedwa pambali ndi amodzi, tsiku limene Esinati anazikopera.

Apa pafunika masamu. Esinati anakhala masabata awiri. Khirisimasi inali pakati. Ndiye chithunzi chili pakati pa 163. Ndasankha zisanu zapakatikati.

Kamzere kobiriwira kakukwawa ngati nkhono. Amayi atatu otola nkhuni adutsa, aima, andiyang'ana ndili chogwada pamwala, maso pa laputopu, manja nditapinda.

"Aphunzitsi, mwayamba mapemphero a kuphiri? Mutikumbukireko."

Zatheka! Zisanu zoyamba zatembenuka, ndipo zikutseguka! Nazi:

1. Mbuzi.
2. Mbuzi yomweyo, yayang'ana kumbali.
3. Esinati, milomo atasongola.
4. Esinati, milomo atasongola, dzuwa lili kumbuyo.
5. Dothi, ndi phazi limodzi. Phazilo ndi langa. Patapata wake ndi womangidwa ndi waya.

Komabe pali chizindikiro. Mbuzi imeneyi ndikuidziwa, ndi imene tinadya pa Khirisimasi. Pano ili moyo. Ndiye Khirisimasi ili kutsogolo pang'ono. Ndasankha zisanu zotsatira.

1. Chigafa cha fodya cha atsibweni.
2. Mitambo.
3. Mbale ya mpunga, yojambulidwa kuchokera pamwamba.
4. Mbale yomweyo, atawonjezerapo nyama.
5. Esinati.

Mbuzi yafika m'mbale. Tili pa tsiku lenileni! Laputopu yazima.

Potsika ndikuganiza za mlongo wanga. Anayenda ulendo wa masiku asanu kudzaona makolo ake, nkujambula mpunga kawiri.

Pakhomo atsibweni akhala pa mpando wanga. Abwera kudzaona ngati nkhuni za Loweruka zafika. Sizinafike. Amene anauzidwa za nkhuni ndine.

"Chatuluka?" Awa ndi abambo, pansipansi, kuti alamu awo asamve.

"Chayandikira."

"Dzulo unati mawa. Lero wati chayandikira. Chikubwera wapansi?"

Lachinayi

M'mawa wonse ndi wa atsibweni. Andipatsa mndandanda pakamwa, ndaulemba padzanja:

— Nkhuni, ngolo ziwiri.
— Mabenchi a kutchalitchi.
— Kukumbutsa abusa.
— Nsalu yoyera yophimbira chiliza.
— Migolo ya thobwa.

"Chiliza si cha pa laputopu, aphunzitsi. Anthu sadzakhala pa intaneti, adzafuna mabenchi."

Sakunama. Ndathamanga mpaka dzuwa pamutu.

Masana, phiri. Mnzanga wa ku Chisepo watumiza uthenga: pali pulogalamu yoika mu laputopu, imatembenuza zonse nthawi imodzi, osafunanso intaneti. Zonse 163 kamodzi! Ndayamba kuitsitsa. Ikuyenda. Maperesenti makumi atatu. Makumi asanu ndi limodzi. Ndaima chilili, foni ndaikweza m'mwamba ngati ndikuonetsa mwana kwa agogo ake. Pa 94 mphepo yawomba, netiweki yapita. Yayambiranso pa ziro.

Kachiwiri yafika. Ndaitsegula. Ikuti laputopu iyi ndi yakale kwambiri, pulogalamuyi singakhalemo.

Theka la bandulo lapita. Theka la batire lapita. Ndakhala pamwala, ndayang'ana kumpoto. Kukacha bwino, mapiri a Ntchisi amaoneka kuchokera pano, obiriwira mwakuda. Si kutali kwenikweni. Koma kwa munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, wa diso limodzi la ng'ala, ndi kutali. Abale ake kumeneko ambiri amayi sanawaonepo. Akadzafunsa kuti mkazi amene anakusungani zaka zonsezi anali wotani, adzawaonetsa chiyani?

Ndabwerera ku zisanuzisanu.

Gulu loyamba: kwaya ya ana, yosaoneka bwino. Galu. Abambo akugona pampando, kukamwa kuli yasa. Nsapato zatsopano za Esinati. Mtengo wa mango, pansi pake pali mpando, pampando palibe munthu.

Mpando uja! Mpando weniweniwo! Chotsatira ndi chimenecho basi. 

Gulu lachiwiri:

1. Esinati ndi ana a oyandikana nawo.
2. Mdima wokhawokha. Mwina m'thumba.
3. Basi ya ku Lilongwe.
4. Tambala.
5. Amayi.

Amayi! Koma si chija. Ali pakhonde, chitenje chakale cha kudimba, lichero la mtedza pamiyendo. Aona kamera mochedwa. Dzanja lamanzere alikweza kutsogolo, chikhatho chonse, zala zotambasula, ndipo latseka theka la nkhope. Kukuoneka diso limodzi ndi pakamwa potseguka. Akukalipa. Ndikuchita kuwamva: "Choka apa iwe, ulibe ntchito?"

Ndachiyang'ana nthawi yaitali, mpaka laputopu yazima yokha. Ndinali ndisanawaone chiwaikire m'manda.

Koma ichi si chopatsa munthu wamasiye.

Madzulo ndayesa njira zina. Ndawaonetsa abambo chiphaso cha amayi cha unzika, kuti mwina tikulitse chithunzi cha pamenepo. Achiyandikiza ku diso labwino.

"Apa akuoneka ngati amugwira ndi mbuzi ya eni. Ayi."

Ndatulutsa cha gulu la amayi achigwirizano, chimene chimakhala m'buku la nyimbo. Amayi makumi anayi, onse zoyera, nkhope iliyonse ngati njere ya chimanga. Abambo aloza molimba mtima: "Uyu." Aloza amayi a kwa oyandikana nawo. Sindinawatsutse.

Lero sanafunse kuti chatuluka. Zandipweteka kuposa akanafunsa.

Lachisanu

Mbandakucha, phiri. Mame, mphepo, zala zouma. Masamu atsopano: mwina Esinati anajambula amayi kaye, mpando wopanda munthu pambuyo, iwo atanyamuka. Koma zam'mbuyo mwa mpando ndaziona kale, ndi galu ndi nsapato. Ndiye mwina manambala sakutsata masiku. Ndiye mwina masamu alibe ntchito. Ndatseka maso, ndaloza paliponse.

Zisanu: msika, msika, Esinati, chimanga chili m'maondo, keke ya munthu wosadziwika.

Zisanu zina: ndege ili kumwamba, kadontho chabe. Mapazi a Esinati m'madzi. Ine ndikutafuna. Ine ndikutafunabe. Chitseko.

Uthenga pa foni: bandulo yatha.

Zotembenuzidwa: 30. Zotsala: 133. Za Esinati mwini: sindiwerenga, ndi mlongo wanga.

Ndatsika. Ndasamba. Ndakopera makumi atatuwo pa fulashi ina, ndapalasa njinga mpaka pa Mvera.

Magetsi azima.

A Nachisale akhala panja, akuluka chipewa. "Amabwera cha m'ma thuu. Akafuna." Ndakhala pa benchi. Ndawafunsa ngati akudziwa wina wa foni yatsopano amene angatsegule zithunzizi. Akuti alipo mlangizi wina wa zaulimi, foni yake imatsegula chilichonse, koma wapita ku maphunziro ku Bowe, abwera Lolemba. Lolemba! Chilichonse m'dziko muno chimatheka Lolemba.

Foni yalira. Atsibweni. Nsalu yoyera ili kuti? Ndaiwala. Ndathamangira kumsika, ndagula, ndabwerera. Magetsi abwera ndili kumsika, ndipo patsogolo panga pali anthu anayi ofuna fotokope.

Dzuwa layamba kupendeka. A Nachisale ayang'ana kumwamba, ayang'ana ine.

"Aphunzitsi, tsukitsani chimene muli nacho. Munthu sapita kwawo chimanjamanja."

Tadutsa makumi atatu onse pa kompyuta yawo. Pa mbuzi aseka. Pa ine ndikutafuna aseka kwambiri, aitana ndi wogulitsa mandasi adzaone. Pa amayi asiya kuseka.

"Awatu akukana kujambulidwa. Tiwaike mu felemu mokakamiza?"

"Palibe china."

"Dzanjali ndingalidule pang'ono."

"Mukadula dzanja mudula ndi nkhope."

Makina alira, akoka pepala, alitulutsa pang'onopang'ono. Choyamba kutuluka ndi lichero. Kenako chitenje. Kenako dzanja, lalikulu, loyera bwino, mizere yonse ya m'chikhatho ikuoneka. Foni yodula ija ntchito inkaidziwa. Mphete ya ukwati, yopyapyala ngati ulusi. Chipsera cha chikwakwa pa chala chachikulu.

Felemu yatsala imodzi, ya pulasitiki, ya maluwa agolide m'makona. Amayi akanaiona akanati ndi ya anthu onyada.

Ndachikulunga mu nyuzipepala. Kunyumba ndachibisa pamwamba pa kabati. Maganizo anga ndi akuti Esinati akafika mawa andiuza nambala ya chithunzi chenicheni, ndidzachitsukitsa sabata yamawa, ndidzachipereka ndekha ku Ntchisi. Ichi chingokhala chogwirizira.

Pakhomo padzaza. Azakhali, azisuweni, mapoto obwereka, utsi. Abambo akhala pakona pa khonde, jekete lawo la Lamulungu alipachika pa msomali, alipukuta kale. Andiyang'ana. Ndayang'ana mabenchi.

Loweruka

Chiliza.

Zonse zayenda. Mabenchi akwana. Nkhuni zakwana. Abusa afika pa nthawi yake, zimene zadabwitsa aliyense. Amayi achigwirizano aimba, zoyera zawo zikuwala padzuwa, ndipo kangapo ndapezeka ndikufunafuna nkhope ya amayi pamzere wachiwiri, pamene ankaima. Nsalu yachotsedwa. Dzina lalembedwa bwino. Abambo agwira mwalawo ndi chikhatho, ngati mmene munthu amagwirira mphumi ya mwana kuti amve ngati watentha thupi. 

Esinati wafika mwambo uli pakati, fumbi la mayiko atatu lili m'tsitsi, walira mokwanira masiku onse amene kunalibe.

Titadya, akuluakulu akhala pabwalo la nyumba. Atsibweni aimirira, avula chipewa. Anena kuti mkamwini uyu anabwera ndi khasu limodzi ndi bulangete, wamanga nyumba, walera ana, wadwazika mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza. Mudzi ulibe naye mangawa. "Alamu, takumasulani. Mukafuna kukwatira, kwatirani."

Abambo: "Mundipezere wa mano, azikanditafunira nzimbe."

Anthu aseka. Atsibweni aseka, kenako atembenuka, apukuta m'maso ndi chipewa.

Ndamukokera Esinati kuseri kwa nkhokwe. Ndamufotokozera zonse: HEIC, phiri, mbuzi, mpunga. Ndamufunsa nambala ya chithunzi cha amayi atavala zachigwirizano.

 Wayang'ana pansi. Wayamba kukanda nkhokwe ndi chikhadabo.

"Achimwene, musakwiye."

"Nena."

"Nditajambula mpando uja kuti ndione kuwala, foni inazima. Moto unatha. Ndiye amayi akutuluka m'nyumba, atasita, atamanga duku, akumwetulira mwamanyazi. Ndikanawauza bwanji? Munthu wavomera kamodzi moyo wake wonse."

"Ndiye?"

"Ndiye ndinangoimika foni. Ndinati, yang'anani kuno, musagwedezeke. Ndinawerenga mpaka katatu. Ndinati chatuluka bwino kwambiri. Ndimati ndiwajambulanso mawa lake, koma anakana, anati kamodzi nkokwana."

Ndakhala pansi, pa dothi, ndi buluku langa la mwambo.

Masiku atatu paphiri. Maondo anga. Amayi otola nkhuni amene tsopano akundipatsa moni wa abusa. Ndipo amayi anga, mphindi zisanu zathunthu, msana chilili, osaphethira, akuyang'ana foni yakufa.

Ndinafuna kukalipa. Chimene chatuluka ndi kuseka. Esinati wayamba kulira, kenako naye kuseka, tonse awiri kuseri kwa nkhokwe ngati ana akuba mtedza. Amake Tadala atipeza: "Anthu akutsanzika uko, inu muli pano mukusekerera chiliza?"

Chithunzi chimene ndinawalonjeza abambo kulibe. Sichinakhaleko. Ndiwauza mawa.

Lamulungu

Galimoto yafika mame asanaume. Kapikapu ka mphwawo wa abambo, kakale, kotsegula chitseko ndi chingwe. Katundu: sutikesi imodzi, bulangete, khasu. Akuti anabwera ndi khasu, abwerera ndi khasu.

Ndatsitsa nyuzipepala ija pakabati. Ndawapeza pakhonde, avala kale jekete. Ndagwada pambali pawo. Ndanena zonse mwachidule: chija kulibe, foni inali itazima, Esinati anachita mantha kunena. Esinati waima patali, akuyang'ana nkhuku.

Abambo amvetsera. "Ndiye anakhala pampando paja pachabe?"

"Pachabe, bambo."

"Ndipo usiku wake anandivutitsa, amvekere duku linapendama, anthu a ku Joni akandiseka." Apukusa mutu. "Nanga icho wanyamulacho?"

"Ndi china. Si chabwino. Ndi chokhacho chimene ndapeza."

Afutukula okha. Achiyandikiza ku diso labwino mpaka felemu yagunda mphuno. Achitalikitsa. Achiyandikizanso. Nthawi yaitali. Ine ndikuyang'ana nyerere pansi.

"Eya," atero. "Ndi iyeyu."

"Nkhope sikuoneka bwino."

"Nkhope ndikuidziwa. Uja wapampando ndinkamuona Lachinayi lokha, popita ku chigwirizano. Uyu ndiye wa masiku onse. Tsiku loyamba kumufunsira anandikwezera dzanja lomweli. Zaka makumi asanu ndi ziwiri akundithamangitsa, ine osachoka." Apukuta galasi ndi mkono wa jekete. "Lero ndiye ndikuchoka, koma ndikumutenga."

Akana kuti tichiike mu sutikesi.

Zotsala:

— Kubweza mabenchi.
— Kubweza laputopu kwa ahedi, ndi kufufutamo mbuzi.
— Zithunzi 133 zosatseguka. Esinati akuti foni yake yatsopano ingathe kuzitsegula, bola kachingwe kolumikizira fulashi. Kachingweko anakasiya ku Joni. Fulashi ndaibwezera m'kampango. Mwina muli amayi ena mmenemo, mwina mpunga. Tsiku lina, osati sabata ino. Maondo akana.

Abambo akhala kutsogolo, pambali pa dalaivala. Felemu aiimika pamaondo, koma aitembenuzira kuwindo, akuti mkazi wawo naye aone njira, sanapiteko ku Ntchisi chimwalirire apongozi ake. Galimoto yalira kachitatu, yanyamuka. Tonse taima pamsewu, ine, Esinati, amake Tadala, atsibweni chipewa chili m'manja. Abambo sanacheuke. Pawindo pakuoneka maluwa agolide, ndi dzanja la amayi lili m'mwamba, likuchepa, mpaka fumbi lalitseka.

Esinati akuti amatitsanzika.

Ine amayi anga ndimawadziwa. Amati tichoke pamsewu, mapoto a dzulo sanatsukidwe.

Tapita kukatsuka.